Mphete M'kati mwa Koyilo

Ine Chela ndatopa nacho chikondi cha ana a eni. Zaka makumi atatu ndakhala mu labu ino ya ku Montevideo, maso pa maikulosikopu, kusoka tiwaya tagolide topyapyala kuposa tsitsi pa timachipu, tizipangizo tating'ono ta zamagetsi tomwe mainjiniya athuwa amapanga. Ntchito yanga ndi yomweyo basi. Koma poti tebulo langa lili pafupi ndi ketulo, aliyense amene mtima wamuwawa amathera kwa ine, ngati anandilemba ntchito ya unkhoswe.

Amene andikalambitsa kwambiri ndi Maite Bentancor ndi chibwenzi chake, Yamandú Larrosa. Maite wangomaliza kumene digiri ya udokotala wa zamagetsi. Zaka zisanu wathera pa kachipu kamodzi, kochepa ngati njere ya mpunga, koti kaziikidwa pansi pa khungu la munthu wodwala mtima n'kumatumiza kagundidwe ka mtimawo ku foni ya dokotala popanda waya. Labu ina ya ku Belgium inalengeza malo amodzi a kafukufuku wa zaka ziwiri, amene ife timangoti posidoki. Pa anthu onse omwe anafunsira, anatsala awiri: Maite, ndi Solange Techera wa mu labu yathu yomwe ino. A ku Belgiumwo sanazungulire. Anati aliyense atumize zotsatira za kachipu kake pofika Lachisanu, ndipo adzatenga amene kake kakugwira bwino ntchito.

Solangeyo ndi wakwawo kwa Yamandú, ku Tacuarembó, ndipo mayi ake a Yamandú, a Zulma, anamusankha kalekale mumtima kuti ndiye mpongozi wawo. Za Maite safuna n'kumva komwe. Amati mtsikana wa mabuku ameneyo adzawabera mwana wawo mmodzi yekhayo n'kukamutaya kutsidya kwa nyanja.

*

Timachiputo tinafika Lolemba m'mawa kuchokera ku fakitale ya ku Taiwan, patatha miyezi isanu. Ndi mmene zimakhalira: ukatumiza pulani yako sungasinthenso ngakhale kadontho, umangodikira ngati mayi woyembekezera. Maite anali ataperekeza bambo ake kuchipatala cha maso, ndiye bokosilo ndinatsegula ndine.

Nditaika kamodzi pansi pa maikulosikopu ndinachita kakasi. Kachipu ka Maite kali ndi koyilo, kawaya kopindidwa mozungulira ngati nkhata, ndipo ndi kameneko kamaponya uthenga kunja. Pakati pa koyiloyo amasiyapo malo opanda kanthu. Koma apa pakatipo panali mphete yojambulidwa ndi chitsulo, yozungulira bwinobwino, kamwala kake pamwamba, ndipo m'kati mwake munali tizilembo: MAITE, TIKWATIRANE.

Kujambula pa timachipu si zachilendo. Ana athuwa amakonda kubisa tizithunzi m'makona. Ndaonapo amphaka, mbendera za matimu a mpira, wina mpaka anajambula mphuno ya pulofesa wake. Koma m'kona, osati pakati pa ntchito ya mnzako.

"Anti Chela, mwaiona?"

Anali Yamandú, ataima kumbuyo kwanga, fulasiki m'khwapa, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Iyeyu ndi amene amasonkhanitsa mapulani a anthu onse n'kuwatumiza ku fakitale. Ndi mnyamata wabwino mtima, koma mbali yake ndi ya manambala ndi makompyuta. Za mawailesi sadziwa kanthu.

"Ndaiona," ndinatero. "Iwe, mutu wakowo umagwira?"

"Ndinaiika mu February, tsiku lotumiza lomwelo. Pamalopo panalibe kanthu, anti, panali pongotayika."

"Nanga pakamwa pako panatsekeka liti kuti uzifunsira mkazi kudzera ku Taiwan? Anzako amagula mphete m'sitolo n'kugwada, nkhani yatha."

"Ya m'sitolo aliyense angagule. Chonde anti, matani zivundikiro asanabwere. Amayi akufika Lachisanu, ndipo Lamlungu tikuwotcha nyama. Ndikufuna Maite adzaione tsiku limenelo, amayi ali pomwepo. Akadzaona kuti ndatsimikiza, amayi adzafewa."

Ine si injiniya, ndimangosoka tiwaya. Komanso ndisaname, zinandikhudza. Malemu mwamuna wanga anandifunsira pa depoti ya basi, kwinaku akusenda lalanje. Ndinasoka timachipu tisanu ndi tiwiri n'kumata zivundikiro, titatu totsala ndinabisa mu dirowa yanga. Maite atafika n'kupempha kuti aone kachipu kake ndi maso, ndinamunamiza kuti babu la maikulosikopu lapsa nditangomaliza kusoka. Mulungu andikhululukire.

*

Lachiwiri kunacha ndi kamvula kowaza, ndi mphepo ya July ija yolowa mpaka m'mafupa. Maite anabwera ndi nthuli ya nyama ya ng'ombe kuchokera ku butchala ya pakona, poti kachipu timakayesa titakakulunga m'nyama kuti kakhale ngati kali m'thupi la munthu. Nyama yabwinobwino, abale, yoti tikanawotcha!

Uthenga umayenera kumveka pa mtunda wa mamita awiri. Unamveka pa mtunda wa chikhatho chimodzi, kenako zii. Anasintha kachipu, chimodzimodzi. Pofika masana anali atayesa tonse tomwe ndinasoka, nkhani yake inali yomweyo.

Kachipu ka Solange kanayankha ulendo woyamba womwewo. Nthawi yomwa yeriba, tiyi wathu wa masamba yemwe tonse timamwera chikho chimodzi, itakwana, chikho chikuzungulira monga mwa masiku onse, mtsikanayo anabwera pa tebulo langa akununkhira pefyumu ngati akupita ku ukwati.

"Pepa, Maite wanga," anatero, mawu ake otsekemera ngati shuga wothira kawiri. "Zimachitika. Mwina masamu anakuzemba penapake. Usadandaule, ndikakafika ndizikakutumizira chokoleti."

"Uzikadya wekha, ukufunika kunenepako," anayankha Maite osadzutsa mutu.

Solange anatembenukira kwa Yamandú. "Yama, amayi ako anandiimbira dzulo. Akuti Lachisanu ndikawachingamire ku depoti ndine, poti iwe masiku ano uli ndi zambiri zokusokoneza."

Nkhope ya Yamandú inali itatuwa. Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana m'chikho ngati mwagwera ntchentche.

Nthawi yoweruka itayandikira, Maite anabwera n'kudzigwetsa pansi, msana atatsamira dirowa yanga yomwe ija.

"Anti Chela, ndatopa," anatero. "Ndawerengera katatu konse, sindikuona pomwe ndinalakwitsa. Zaka zisanu ndakhala ndikudya nkhomaliro choimirira. Ukwati wa mchemwali wanga ndinafika anthu akutsuka mbale. Mwina Solange akunena zoona, mwina ndine mbuli chabe yodziwa kuvala magalasi."

Foni yake inalira. Anandionetsa. Yamandú anali atalemba: "Wadya?"

Iye anayankha: "Ayi."

"Ndikubweretsere chiyani?"

"Mamita awiri."

Ndinamusisita mutu. Mumtima ndinali nditayamba kale kuikayikira mphete ija, koma ndinadziuza kuti kachithunzi chabe sikangatseke wailesi pakamwa. Ndinamupatsa bisiketi, ine n'kukakwera basi yanga.

*

Lachitatu ndinatuluka kukagula chakudya chamasana n'kuiwala kukhoma dirowa. Ukalamba ndi woipa. Pobwerera ndinapeza Solange atakhala pa mpando wanga, foni yake ataigundika pa galasi la maikulosikopu, akujambula.

"Babu lapsa, anti?" anandifunsa. "Inetu ndikuona likuwala ngati dzuwa. Ndinadabwa kuti mukubisa chiyani." Kenako anakweza mawu. "Maite! Tabwera udzaone masamu ako."

Maite anabwera, anavula magalasi n'kuwerama. Anakhala choweramacho nthawi yaitali, mwina mphindi ziwiri.

"Mphete yotseka, pakati pa koyilo," anatero chapansipansi. "Anti, mukudziwa chimene chitsulo chozungulira chimachita chikakhala pamenepa? Chimamwa mphamvu yonse. Wailesi yanga ikukuwa, mphete ikumeza." Anaseka, koma kunali kuseka kosakoma kumva.

"Ndiye usaganize kuti inali ngozi," anatero Solange. "Tamvera izi. Amayi ake a Yamandú ananditumizira mu March."

Anadina foni, mawu a mayi Zulma n'kudzaza chipinda chonse: "Solange mwanangu, mtima wandiwawa. Mwana uja akuti mtsikana wakeyo sapitanso ku Ulaya, akuti iye wakonza kale zoti akhale konkuno. Ndiye tizikhala naye mpaka kalekale? Ine ayi ndithu."

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Yamandú analowa atanyowa, m'manja muli pepala la mikate yokazinga yomwe timadya kukagwa mvula. Anaona dirowa yotsegula, anaona nkhope zathu, n'kuima pomwepo.

"Tuluka, Solange," anatero Maite. "Waonera zokwanira."

Solange anatsonya, koma anatuluka. Ine ndinafuna kumutsatira, Maite anandigwira mkono kuti ndikhale.

"Unadziwa?" anafunsa.

"Maite, ine ndinkangofuna kuti..."

"Sindikufunsa zomwe unkafuna. Kompyuta sinakuchenjeze?"

"Inachenjeza. Koma tsiku limenelo inachenjeza zinthu mazana atatu, zambiri zopanda pake, ndipo nthawi yotumiza inali itatsala pang'ono kutha. Ndinangodina kuti ipitirire."

"Nanga zomwe unauza amayi akozo?"

"Ndinkanena za ukwati. Ndinkaganiza kuti ukavomera, mwina udzasankha wekha kukhala."

"Chabwino. Mu February sunadziwe, ndakumva. Nanga dzulo? Pamene ine ndinakhala pansi apa n'kumadzitcha mbuli?"

Kunja kunkamveka madzi akudontha padenga. Mafuta a mikate ija anali atayamba kuboola pepala.

"Dzulo ndinadziwa," anatero Yamandú. "Ndinakayesa pa kompyuta masana. Ndinaona."

"Ndiye unanditumizira uthenga wondifunsa ngati ndadya."

"Ndinkaopa."

"Mantha okha basi?"

Mayo ine! Ndinamutsinzinira diso kuti iwe khala chete, koma ana a kumudziwa sadziwa kunama ngakhale pamene bodza likanawapulumutsa.

"Ayi," anatero. "Kachipu katakana, penapake mumtima mwanga munapepuka. Ndinati basi, sapita. Ndikudzida nazo, Maite, koma ndi zoona."

Maite sanalire. Anavala magalasi ake bwinobwino n'kutembenukira kwa ine.

"Nanunso, anti?"

Mawu awiri okhawo anandipweteka kuposa mbama. Ndinangoyang'ana pansi ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Maite anapuma mozama. "Makina anu a leza, owotchera zitsulo aja, akugwirabe ntchito?"

"Akugwira," ndinatero.

"Mawa m'mawa. Nonse awiri."

*

Nzeru yake inali yakuti mphete ikadulidwa, n'kusiya kukhala yotseka, sikhalanso ndi mphamvu yomeza uthenga. Makina a leza amatha kuwotcha kachitsulo kapamwamba, koma ukaphonya pang'ono pokha waotcha koyilo, ndipo kachipuko kafa. Tomwe ndinamata tija sitikanatsegukanso osasweka. Tinali ndi titatu tokha ta mu dirowa.

Lachinayi m'mawa ndinayamba ndine, poti ndine mwini makina. Pali chinthu chomwe ndakhala ndikubisa chaka chathunthu: dzanja langa lamanja layamba kunjenjemera, makamaka mtima ukakhala m'mwamba. Ndinaloza, ndinadina, ndipo pa sikirini tinaona koyilo itathetheka mbali imodzi.

"Ndapha," ndinatero. "Pepa mwanangu, dzanja ili..."

"Ndinaliona kalekale, anti, sindinauze munthu," anatero Maite mosakweza mawu. "Dzukani. Amene anaiika ndi amene aidule."

Yamandú anakhala pa mpando. Kachipu kachiwiri anakawotcha mozama kwambiri mpaka anaboola tiwaya ta pansi pake. Kanatsala kamodzi. Anapukuta manja pa buluku, anavula juzi ngakhale kunali kuzizira, n'kuweramanso.

"Zilembozi ndizisiye?" anafunsa, maso ali pa galasi.

"Dula mphete. Zilembozo zilibe mphamvu iliyonse."

Yamandú analoza pa mphete ija. Anadina. Pa sikirini mphete inathyoka kumanzere. Anadinanso, inathyoka kumanja, kenako pansi, kenako pa kamwala kaja. Miyezi isanu anaidikira mphete imeneyo, ndipo anaidula yekha m'zidutswa zinayi pamaso pa mwini wake. Koyilo sinakhudzidwe.

Ndinasoka tiwaya dzanja lamanzere litagwira lamanja, ndikupemphera kwa oyera mtima onse omwe ndimawakumbukira maina. Maite anakulunga kachipuko m'nyama ija, yomwe tsopano inali itayamba kakununkha, n'kupatsira Yamandú foni yolandirira uthenga.

"Bwerera m'mbuyo," anamuuza.

Anabwerera phazi limodzi. Uthenga unali kumveka, ti, ti, ti.

"Bwereranso."

Mita imodzi. Mita ndi theka.

"Pitirira."

Anapitirira chobwerera m'mbuyo mpaka msana wake unagunda chitseko. Mamita awiri ndi kachidutswa, ndipo kachipu kanali kakulankhulabe. Ine ndinalira, ndisabise. Maite anangotseka maso n'kutsamira tebulo ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Pambuyo pake anathira madzi m'chikho cha yeriba, anamwa, anathiranso n'kundipatsira ine. Nditabweza, anathiranso n'kumwa yekha. Yamandú anali atatambasula kale dzanja, ndipo analibweza pang'onopang'ono n'kuliika m'thumba. Kwathu kuno kumulumpha munthu chikho ndi nkhani yaikulu kuposa kumutukwana.

"Maite," anatero, "za funso lija..."

"Ndatopa, Yamandú. Usandifunse kanthu sabata ino."

*

Lachisanu m'mawa Maite anatumiza zotsatira zake, n'kugona chokhala, mutu uli pa tebulo langa. Ndinamufunditsa jekete langa. Yamandú anakhala pakona yake ngati wobwera kudzapepesa maliro. Mpando wa Solange unali wopanda munthu, anali atanyamuka kale kupita ku depoti.

Masana foni ya Maite inalira. Anawerenga, anawerenganso, kenako anatiwerengera mokweza, mawu ake opanda moyo.

A ku Belgium anati zotsatira zake ndi zabwino kuposa zonse zomwe alandira. Koma anati dzulo lake munthu wina wa mu labu yathu anawatumizira chithunzi cha kachipu ka Maite, chooneka kuti pakati pa koyilo pali chitsulo chomwe mu pulani yake mulibe, komanso uthenga wonena kuti Lachiwiri kachipuko kanalephera mayeso onse. Ndiye iwo amafuna kudziwa: manambala okongolawa achokera pa kachipu kati? Anati nkhani ya kunama pa zotsatira saitenga mopepuka. Ngati pali munthu wina amene anasintha pulaniyo mwini wake osadziwa, alembe kalata yovomera, asainire, ndipo mkulu wa labu yathu adindepo chidindo pofika Lolemba. Kupanda apo dzina la Maite alichotsa, ndipo adziwitsa yunivesite chifukwa chake.

"Njoka ya mtsikana!" ndinakuwa. "Ndikakumana naye pa masitepe ameneyo, aona!"

Tonse tinkadziwa lamulo la mu labu muno. Wogwira pulani ya mnzake popanda chilolezo amatola katundu wake tsiku lomwelo. Pulofesa wathu anathamangitsapo kale mnyamata wina pa nkhani yochepa kuposa iyi. Ndipo Yamandú watsala ndi chaka chimodzi chokha kuti amalize digiri yake.

Maite anadzuka. Anatenga pepala loyera mu pulinta, anatenga cholembera changa, n'kukaziika patsogolo pa Yamandú. Sanakalipe. Maso ake anali ofiira ndi tulo.

"Ukalemba, digiri yako yatha, ndipo ine ndipita," anatero. "Ukapanda kulemba, ndikhala konkuno monga unkafunira, dzina langa litaipa. Sindikukupempha kanthu. Mu February sunadziwe, Lachiwiri unkaopa. Koma ulendo uno ukakhala chete, ndidziwa kuti ndi dala."

Anandibwezera jekete langa, anatenga chikwama chake n'kutuluka.

Yamandú anakhala akuyang'ana pepalalo. Anatola cholembera, anachiikanso pansi. Kenako foni yake inayamba kunjenjemera pa tebulo, pambali penipeni pa pepala loyeralo. Ndili pa tebulo langa ndinkatha kuwerenga dzina lomwe linali pa sikirini. Anali amayi ake, atafika pa depoti.